Mthunzi wa Wojambula Zithunzi

M'nyumba zathu zambiri muli bokosi lachitsulo limene silitsekulidwa kaŵirikaŵiri. Limakhala kunsi kwa bedi kapena pakona ya chipinda, ndipo ana amadziŵa okha kuti si choseŵeretsa. Lathu linali lobiriŵira, lophwanyika pang'ono pachivundikiro, ndipo linachokera ku Joni pamodzi ndi Bambo athu m'chaka cha 1975. Mayi analisunga zaka zoposa 30 chimwalirire amuna awo, kiyi wake atammangirira pansonga ya chitenje. Iwo atatisiya m'chaka cha 2021, ife ana tinasonkhana kumudzi kwathu kufupi ndi Ntaja kuti tione za m'katimo ndi kugaŵana mwamtendere.

Munali jekete yakuda imene Bambo ankavala tsiku la Mgonero, munali makalata omanga ndi ulusi, munalinso kachikwama kachikopa kouma gwa. M'kachikwamamo munali kamera. Tisanalankhule kanthu, mphwathu wa zaka 12, mwana wa achemwali athu, anali ataitola kale, nayamba kuitembenuza ndi kukoka tizitsulo take monga amachitira ana a masiku ano ndi chinthu chilichonse chokhala ndi mabatani. Mwadzidzidzi chitseko chakumbuyo chinatseguka. Tinangoona kalamba kotuŵa katayalidwa m'katimo, mtima wathu n'kulumpha. Tinakuwa kwambiri kotero kuti mwanayo anagwetsa misozi, tinalanda kamerayo n'kutseka msanga. Kalambako kanali filimu. Bambo anamwalira m'chaka cha 1988 asanaimalize, ndipo inagona mumdima zaka 33.

Achinyamata amene simunaonepo filimu, dziŵani kuti ndi kalamba ka pulasitiki kopakidwa mankhwala okhala ndi siliva, ndipo mankhwalawo amasintha akangogundidwa ndi kuŵala. Pojambula, kamera imatsekula diso lake kwa kamphindi kochepa kuposa kuphethira, kuŵala n'kulemba nkhope ya munthu pa mankhwalawo. Cholembedwacho sichioneka ndi maso kufikira filimu itatsukidwa m'chipinda chamdima. Isanatsukidwe, kuŵala kulikonse kokaloŵamo kumafafaniza zimene zinalembedwa kale. Mwayi wathu unali wakuti tinali m'chipinda cha Mayi, cha zenera limodzi laling'ono, ndipo kunja kunali mitambo. Komabe usiku umenewo tulo sitinatione.

Tiyambe tanena mmene kamerayi inafikira kwathu. Bambo anapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ife tili khanda. M'mwezi wa April 1974 ndege imene inanyamula anthu obwerera kuchokera kumigodiko inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalaŵi opitirira 70 anafera pomwepo. Boma la Kamuzu linaletsa kulemba anthu a ku Wenela, ndipo amene anali kale kumeneko anayamba kubwerera kwawo m'magulumagulu. Aliyense anabwera ndi chimene mtima wake unakonda. Ena anabwera ndi makina osokera, ena wailesi yaikulu, ena mabulangete ndi masuti. Bambo athu anabwera ndi njinga ndi kamera yolembedwa kuti Yashica Electro 35. Akuti atsibweni awo ataiona anapukusa mutu nati, "Anzako abweretsa zodyetsa ana, iwe wabweretsa kabokosi kotsinzinira diso."

Kabokosi kotsinzinira disoko ndiko kanatilipirira sukulu. Loŵeruka lililonse Bambo ankakwera njinga m'mamaŵa, kamera ili pachifuwa, kupita ku Nsanama, ku Ntaja, nthaŵi zina mpaka ku Liwonde. Ankajambula maukwati, ubatizo wa ana, amayi a Mvano atavala yunifomu yawo, ndiponso anansi athu achisilamu pa tsiku la Idi, pakuti kwathu kuno timakhala mosakanikirana ndipo kamera sifunsa chipembedzo cha munthu. Anyamata ofuna kutumiza chithunzi kwa bwenzi ankabwereka jekete kwa uyu, wotchi kwa uyo, n'kuima atanyamula wailesi ya eni ake. Munthu ankalipira theka la mtengo tsiku lojambulidwa, dzina lake n'kulembedwa m'kabuku. Filimu ikatha ankaitumiza ku Zomba pa basi kuti ikatsukidwe, ndipo pakapita masabata aŵiri kapena atatu zithunzi zinkabwera, mwini wake n'kumaliza theka lotsala. Musaiŵale za theka limeneli, pakuti tibwererako.

Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu amene anajambula pafupifupi mudzi uliwonse wa dera lathu sanasiye nkhope yake pa pepala. Wojambula amaima kumbuyo kwa kamera, ndipo Bambo sankalola dzanja la munthu wina kuigwira. Kachithunzi kawo kokha kanali ka pa chiphaso cha ku Wenela, ndipo chiswe chinakadya kalekale. Ana athu akatifunsa kuti agogo awo ankaoneka bwanji, tinkangoloza achimwene athu aakulu n'kunena kuti, "Chotsani mimbayo, muonjezepo msinkhu."

Popeza ndife aphunzitsi, tiloleni tiime pa bolodi pang'ono. Kamera ya mtundu uwu Azungu amaitcha rangefinder, ndiye kuti choyezera mtunda. Tambasulani mkono wanu, muimike chala chimodzi patsogolo pa nkhope. Tsinzinani diso lamanzere, kenaka mutsinzine lamanja. Muona chala chikudumpha uku ndi uku. Chisendezeni pafupi ndi mphuno, chidumpha kwambiri. Chitalikitseni, chidumpha pang'ono. Umu ndi mmene maso athu aŵiri amadziŵira kuti chinthu chili pafupi kapena patali, ndipo amisiri anatengera nzeru yomweyi. Pamwamba pa mandala a kamerayi pali timazenera tiŵiri totalikirana zala zingapo. Wojambula amasuzumira pa kamodzi. Kuseri kwa kenako kuli kagalasi kotembenuka kamene kamaponya chithunzi chachiŵiri pakati pa choyamba, m'kachigamba kooneka chikasu. M'kachigambamo munthu amaoneka ngati ali aŵiri, mphuno ziŵiri, makutu anayi. Tsono wojambula amapotokola mphete ya mandala pang'onopang'ono, kagalasi kaja n'kumatembenuka nayo, kufikira anthu aŵiri aja atasanduka mmodzi. Pamenepo mtunda wayezedwa, ndipo chithunzi chidzatuluka chakuthwa.

Ndiye chifukwa chake Bambo sankafulumira. Anthu ankaima padzuŵa, kumwetulira kukuuma pamilomo, iwo ali phee ndi mphete yawo. Wina akadandaula ankayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiponso filimu imodzi inali ya zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo chilichonse chinali ndalama. Munthu sankadina batani asanaone bwino ngati mwana wapukutidwa mamina, ngati kumbuyo kwa mkwatibwi sikukudutsa mbuzi.

Kamera yotereyi ili ndi msampha wake. Popeza wojambula sasuzumira m'mandala enieniwo koma pa kazenera ka pambali, akhoza kuiŵala kuchotsa chivindikiro cha mandala, naona zonse bwinobwino, nadina batani, pamene filimu siinaone kanthu. Zinawachitikira Bambo kamodzi pa ukwati wina. Zithunzi 8 zinabwera zakuda bii. Anabweza ndalama zonse, naonjezapo tambala wamoyo wopepesera, ndipo kuyambira tsiku limenelo chivindikirocho anachimangirira ndi chingwe ku chala chawo chaching'ono.

Makamera ameneŵa mbiri yawo inayambira ku Germany. Mmisiri wina dzina lake Oskar Barnack, wa pa kampani ya Leitz mumzinda wa Wetzlar, ndiye anaganiza zopanga kamera yaing'ono yogwiritsa ntchito filimu ya mamilimita 35 imene inkagwira ntchito pojambula kanema. Kamera yake, yotchedwa Leica, inayamba kugulitsidwa mu 1925, ndipo mu 1932 inatuluka ina yokhala ndi choyezera mtunda m'kati mwake. Leica inali ya anthu a ndalama, ndipo mpaka lero ili choncho. Anthu a ku Japan ndiwo anaifikitsa m'manja mwa anthu wamba. Yashica Electro 35 inatuluka mu 1966, ndipo inali ndi batire ndi timagetsi tiŵiri: kofiira kochenjeza kuti kuŵala kwachuluka, ndi kachikasu kochenjeza kuti kwachepa. Chifukwa cha timagetsi timeneti, munthu wa ku mgodi amene sukulu analekezera Sitandade 4 anatha kujambula zithunzi zimene mabanja akusungabe mpaka lero.

Tisaganize kuti luso limeneli ndi lachilendo pakati pathu. Mungo Murray Chisuse, mmodzi wa ana a Mishoni ya Blantyre, amene anali mmisiri wosindikiza mabuku pamishonipo, anali kale kujambula zithunzi nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, m'masiku amene kamera inali bokosi lalikulu loimika pa miyendo itatu. Pakati pa anthu amene iye anawajambula pali John Chilembwe ndi banja lake. Tikamayang'ana nkhope ya Chilembwe pa ndalama zathu, tizikumbukira kuti tikuidziŵa chifukwa panali anthu amene anaima kumbuyo kwa kamera, naleza mtima.

Tibwerere ku filimu yathu. Titaikulunga bwino m'kabotolo kake ndi kuitulutsa, tinayamba kufunafuna woitsuka. Tinayenda m'masitudiyo a pa Balaka, kumene timaphunzitsa, ndi a pa Liwonde. Onse amasindikiza zithunzi zochokera m'foni. Mnyamata wina waulemu ndithu anaitembenuza m'manja mwake natifunsa kuti, "Bambo, kodi ili ndi batire la chiyani?" Sitinamuseke, pakuti iye anabadwa filimu itayamba kale kutha. Ngakhale kampani ya Kodak, imene dzina lake linali pa khomo la situdiyo iliyonse tili ana, inagwa m'mavuto aakulu a zachuma mu 2012. Filimu ikupangidwabe kunja, ndipo Kodak yomweyo ndi Ilford ya ku England akuigulitsabe, koma kuno kwathu njira yake inamera udzu. Pomaliza tinaipereka kwa mwana wa achimwene athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg, titaikulunga m'nsalu yakuda ngati mankhwala. Filimu inabwerera njira yomwe kamera inadzera.

Tinadikira miyezi inayi, ndipo m'miyezi imeneyo tinadwala matenda amene sitinkawadziŵa, matenda otolera makamera akale. Mkulu wa mpingo mnzathu, atamva nkhani yathu, anatitengera kamera yolemera ngati mwala yolembedwa zilembo za ku Russia. Anaipeza posinthanitsa ndi chimanga kwa bambo wina wothaŵa nkhondo ya ku Mozambique, m'zaka zija pamene abale athu oposa miliyoni imodzi anadzabisala m'dziko muno mtendere wa 1992 usanabwere. Dzina lake ndi Zorki 4, yopangidwa ku Krasnogorsk motengera nzeru za Leica. Siifuna batire konse, koma ili ndi malamulo ake ngati nkhalamba. Musasinthe liŵiro la chotsekera musanapukuse filimu, mungathyole za m'kati. Musaisiye itayang'ana dzuŵa, pakuti chotsekera chake ndi chansalu, ndipo mandala amasonkhanitsa dzuŵa n'kuboola nsaluyo monga amachitira ana potentha pepala ndi galasi. Amene amadziŵa dzuŵa la Balaka m'mwezi wa October amvetsa chifukwa chake timaisunga itavindikiridwa. Yachitatu, Canonet ya ku Japan, tinaipeza pamsika pakati pa mawailesi akufa ndi maloko opanda makiyi, ndipo wogulitsayo anakondwa kuti wachotsa zinyalala.

Taphunzira pang'ono za kasamalidwe kake, ndipo amene muli nayo m'bokosi mverani. Mdani wamkulu ndi chinyezi cha m'dzinja, chimene chimameretsa chuku m'kati mwa mandala, chooneka ngati ukonde wa kangaude, ndipo chikakhalitsa chimadya galasilo. Kamera imafuna mpweya ndi malo ouma, osati kutsekeredwa m'chikopa chake zaka ndi zaka. Batire lakale lichotsedwe, chifukwa limatuluka madzi owononga zitsulo. Mabatire amene Yashica inkagwiritsa ntchito anali ndi mekyule, amene ndi poizoni, ndipo analeka kupangidwa. Lero anthu amaikamo batire laling'ono la 6V n'kulichirikiza ndi kasipuling'i. Timasiponji totchinga kuŵala m'mbali mwa chitseko timasungunuka n'kukhala ngati phula, ndipo tifunika kupalidwa ndi kuikamo tina. Koma choyamba pa zonse: musatsekule chitseko chakumbuyo musanapukuse kachogwirira kobwezera filimu ndi kumva ngati kakulimba. Kakalimba, muli filimu.

Chiyeso sichinachedwe. Mwana wathu wachisamba anafufuza pa intaneti napeza kuti achinyamata a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan ayambanso kukonda makamera ameneŵa, ndipo akuwagula. Posakhalitsa kunafika munthu wochokera mumzinda, wolankhula mokoma, amene anatchula ndalama zokwanira matumba angapo a feteleza. Inali nthaŵi yobzala, ndipo mwana wathu wotsiriza anali kufuna fizi ya ku sekondale. Sitinama kuti tinamuthamangitsa. Tinakambirana ndi akunyumba usiku wonse, ndipo m'maŵa mwake tinagulitsa Canonet. Zorki sitikanatha, pakuti inali mphatso. Ya Bambo anaikweza mtengo kaŵiri, ndipo kachiŵiriko tinayamba kuŵerengera m'mutu. Akunyumba ndiwo anaitola patebulo, naloŵa nayo kuchipinda osanena kanthu.

Ife sitidana ndi foni, ndipo makolo anzathu tisamanyoze ana athu ngati kuti zonse zatsopano n'zoipa. Foni imajambula bwino, ndipo imajambula aliyense, wosauka ndi wolemera. Koma tinene zimene zinachitika kwathu. Mwana wathu wamkazi anali ndi zithunzi za agogo ake mazanamazana m'foni: akusenda chinangwa, akuseka, akuimba. Foniyo inabedwa m'minibasi patangopita miyezi iŵiri chichitikire maliro. Zimene zinatsala ndi zitatu zokha zimene anatumizirapo abale pa WhatsApp. Pamene tinali kulira zithunzi za chaka chatha, tinali kudikira za 1988.

Phukusi linafika Khirisimasi itayandikira. Munali manegativu m'kathumba ka pepala ndi zithunzi 9 zakuda ndi zoyera. Filimuyo inali ya 24, ndipo Bambo anali atajambulapo 17. Zomalizira, zimene zinali pamtunda pamene chitseko chinatseguka, zinapsa ndi kuŵala. Ngati panali Mayi kapena ife ana, tinatayika m'kamphindi kaja. Zimene zinali zitakulungidwa m'kati zinapulumuka, ngakhale zinali zotuŵa ngati zojambulidwa m'nkhungu ndipo m'mbali mwake munali moyera.

Tinaziyala pamkeka ndi manja onjenjemera, ndipo tinakhumudwa. Panalibe wa kwathu ndi mmodzi yemwe. Panali mnyamata wina atatsamira njinga, panali ana atatu a m'banja limodzi atandandalika malinga ndi msinkhu, ndipo zisanu zinali za ukwati wa anthu amene sitinawadziŵe. Achemwali athu ndiwo anakumbukira kabuku kaja, kamene kanali pakati pa makalata m'bokosi. Pa tsamba lotsiriza panali maina atatu, ndipo pambali pa lililonse Bambo analemba kuti "theka". Anthu ameneŵa analipira, nadikira, namva kuti wojambula wamwalira, ndipo mwa ulemu wawo sanabwere kudzafunsa kwa mayi wamasiye. Zimene tinkayesa choloŵa chathu inali ngongole ya Bambo.

Tinapempha abusa kuti alengeze m'mipingo yoyandikana nafe, ndipo tinauzanso ashehe a kumudzi. Mnyamata wa njinga sitinampeze mpaka lero. Ana atatu aja mmodzi anapezeka, ndi bambo wa imvi tsopano, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi. Za ukwati zinatenga miyezi. Tsiku lina tinalandira uthenga wakuti cha ku Nsanama kuli mayi wina wamasiye amene dzina la malemu amuna awo likufanana ndi la m'kabuku.

Tinapita Loŵeruka, ife ndi mphwathu uja wotsekula chitseko, pakuti tinaona kuti ndi bwino aone mapeto a nkhaniyi ndi kuiŵala kukuwa kwathu. Mayiwo anatilandira pakhonde, natiyalira mkeka. Titapereka zithunzizo anapukuta manja pachitenje, nazigwira m'mbalimbali. Anakhala chete nthaŵi yaitali. Kenaka anaitana adzukulu awo nati, "Bwerani mudzaone agogo anu aamuna." Amuna awo anamwalira mu 1996, ndipo m'nyumbamo munalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi.

Anafika pa chithunzi chotsiriza, cha aŵiriwo ataima panja pa tchalitchi, naseka misozi ili m'masaya. "Taonani mmene tatsinzinira. Abambo anu anativutitsa tsiku limenelo. Anati titembenukire kudzuŵa, iwo alifulatire. Si awa apa?"

Analoza pansi pa chithunzicho. Ife tinali titachiyang'ana kambirimbiri, koma maso athu ankathamangira ku nkhope za anthu. Pa dothi, kuchokera m'munsi mwa pepala kukafika kumapazi a mkwatibwi, panagona mthunzi wautali wa munthu wa chipewa, zigongono zili m'mwamba mbali zonse ziŵiri, manja ali kumaso. Chipewacho tinachidziŵa. Mapewawo tinawadziŵa, lamanzere lotsika pang'ono chifukwa cha mwala umene unawagwera kumgodi. Mphwathu anatiyang'ana, ndipo nthaŵi ino wogwetsa misozi sanali iye.

Ubwino wa negativu ndi wakuti imabala. Tinasindikizitsa china, ndipo chili pakhoma la pabalaza pathu, moti alendo amadabwa kuti ukwati wa anthu osawadziŵa ukutani pamenepo. Yashica tinaikonzetsa, ndipo mwana wa achimwene athu anatitumizira filimu imodzi ya 36. Chaka chatha tsopano, ndipo tajambulapo 14. Mphwathu ndiye amapotokola mphete, ndipo tamulamula kuti pa 36 zimenezo chimodzi chikhale cha iye mwini.

Tsiku lija polaŵira, mayi aja anatiimitsa pachipata. Analoŵa kuseri kwa nyumba, ndipo tinamva nkhuku zikulira. Anabwera ndi thadzi lomanga miyendo ndi luzi. Tinakana, tinati zaka 35 zapita, ndipo olakwa ndife. Iwo anakana kukana kwathu.

"Iyayi, aphunzitsi," anatero. "Tinangolipira theka."

Mphwathu analinyamula pamiyendo m'minibasi mpaka ku Ntaja.